Chimkono Chomwe Chinaphunzira kwa a Thovu

Alamu anga ukafuna kuwapatsa moni, uyambe wadya kaye, chifukwa yankho lake limatha dzuwa litapendeka. Ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji, amayambira tsiku lomwe analembedwa ntchito. N'chifukwa chake ku fakitale ya sopo komwe tinkagwira limodzi tinawapatsa dzina loti a Thovu: m'maso zambiri, ukagwira palibe kanthu. Eni akewo ankaliyankha monyadira, poganiza kuti tikutama sopo wawo.

Anakwatira achemwali anga ine ndikadali kamtsikana. Tsiku lodzaonekera kwathu, amuna ena amanyamula shuga kapena nsalu. Iwo anatulutsa m'thumba la jekete mitanda ya sopo yosalala ngati tsaya la khanda. Amayi ananunkhiza mtanda umodzi n'kunena kuti, "Mwamuna waukhondo uyu." Ukwati unatheka pomwepo. Kuyambira apo moyo wa a Thovu unayenda pa sopo ngati mmene galimoto imayendera pa mafuta. Mwana akalakwa kusukulu, aphunzitsi ankalandira sopo. Eni nyumba akabwera nkhope ili gwa, ankabwerera akununkhira. Kutchalitchi anawasankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo ine mpaka lero ndimati zinavota ndi mphuno. Palibe anafunsapo kuti munthu wolongedza makatoni, sopo wochuluka chonchi amamutenga kuti. Munthu sufunsa mafunso thovu lili kumaso.

Ntchito yathu inali iyi. Sopo ankabwera pa lamba atandanda ngati ana asukulu pamzere, ife titaima uku ndi uku, aliyense ndi katoni yake. Kutola, kuika, kutola, kuika, ikadzaza n'kuikankha. Pansi pa tebulo la aliyense panali ndowa. Lamulo la fakitale linali loti mtanda wosweka kapena wobenthuka usapite kusitolo, uziponyedwa m'ndowamo, ndipo Loweruka mwini ndowa azitenga zoswekazo n'kupita nazo kwawo. Amene anakhazikitsa lamulo limeneli Mulungu amukumbukire, chifukwa analera ana ambiri. Sopo akapanda kusweka yekha, tinkamuthandiza. Chikhadabo pakona, benthu, m'ndowa. Tinkamutcha sopo wa ana.

Koma a Thovu ayi. Mkulu wa mpingo angalowe m'nyumba ndi sopo wobenthuka? Iwo ankachita kusankha. Maso pa lamba ngati munthu wogula mbuzi: mtanda wa makona onse, chidindo chooneka bwino, wopanda ngakhale kachipsera. Akaupeza ankaima kaye pang'ono, kuyang'ana kumanzere, kuyang'ana kumanja, kenako dzanja linkazungulira kuseri kwa ntchafu n'kutsika mwakachetechete mpaka m'ndowa, momwe anayalamo kathawulo kuti sopo asavulale. Pomaliza ankapukuta dzanjalo pa buluku, ngati lagwira zonyansa. Loweruka ankafundika zosweka pamwamba, ndipo mlonda wa pageti, yemwenso ankanunkhira kuposa ntchito yake, ankayang'ana kumwamba kuona ngati kubwere mvula. Tsitsi linachita kumera imvi dzanja likuchita zomwezo, mpaka linafika pomachita lokha. Achemwali amati ngakhale pa phwando, mbale ya nyama ikamadutsa, ankachita kuwagwira mkono nthuli yabwino isanalowere kuseri kwa ntchafu.

Mwini fakitale tinkawatcha a Mawa. Ukapempha fani yochotsa kutentha, mawa. Ukadandaula za chimbudzi, mawa. Koma tsiku lina mawa linafikadi, litanyamula chibokosi chachikulu ngati kanyumba ka mlonda, ndipo m'menemo munatuluka roboti. Ife tinkayembekezera chinthu cha mutu ndi miyendo ngati za m'mafilimu. Chinali chimkono chokha, chachitsulo, chachikasu, cha zala zitatu za labala ndi kadiso kamodzi pamwamba pa zalazo. Dzina silinavute. Chimkono.

A Mawa anatisonkhanitsa, n'kuchisisita ngati ng'ombe yomwe angogula kumene.

"Anzanga, dziko likusintha. Uyu sadwala. Sapempha tchuthi. Sakhala ndi pakati. Ndipo azakhali ake samwalira kawiri pachaka."

Anaseka okha. Kenako anatiuza kuti mwezi ukatha mzere wonse wolongedza upite kunyumba. Atsala munthu mmodzi yekha, woyang'anira makina, ndipo ameneyo azivala chijasi choyera ngati cha dokotala. Vuto linali loti Chimkono chinabwera chili mbuli. Chinafunika munthu woti achiphunzitse kulongedza, ndipo wophunzitsayo ndi amene adzatsale pantchito n'kuvala chijasicho.

Pa nthawi yopuma tinakumana kuseri kwa zimbudzi, n'kupangana kuti aliyense akane. Chikhale mbuli choncho, achite dzimbiri nacho. Amene analankhula kwambiri mukumudziwa kale. Anakwera pa kireti, chala m'mwamba.

"Abale anga, chala chimodzi sichiswa nsabwe! Amene aphunzitse chitsulo chimenechi wagulitsa ana athu! Ine bola andidule dzanja ili!"

Tinawomba m'manja, ena misozi ili lengelenge. M'mawa mwake tinawapeza a Thovu ataima pafupi ndi Chimkono, atavala magolovesi a mawaya, dzanja lija lili bwinobwino.

Madzulo ake ndinapita kwawo. Ndinawapeza akhala pakhonde, akudzipeputsa ndi chipewa.

"Alamu, dzanja lija adula nthawi yanji? Ndimati ndibwere ndi bandeji."

"Iwe mlamu, zimenezi zimafuna mutu, sungazimve. Ndikakana ine avomera wina. Bola chijasi chikhale m'banja."

Achemwali anasuzumira pakhomo, mpeni ndi anyezi zili m'manja. "Bambo a ana, ndiye mng'ono wangayu azidya chijasicho?"

"Mayi, za kuntchito zisiyeni. Tangochapani malaya oyera aja, mwina adzatijambula."

Musawamvere chisoni achemwali angawo. Pomwe ankandilankhulira chonchi anali atauza kale amayi onse a pampopi kuti amuna awo akukhala injiniya.

Injiniya weniweni anali mayi wachitsikana, woonda, wa magalasi, yemwe laputopu sankaisiya ngakhale popita kukamwa madzi. Anabwera ndi makinawo kuchokera ku kampani yomwe inawagulitsa. Anali waulemu kwambiri, ndipo ulemu ndi womwe unamupweteka.

"Bambo, gwirani ntchito mmene mumagwirira masiku onse," mayiyo anawauza a Thovu. "Magolovesiwa azimva zonse zomwe manja anu akuchita, ndipo makinawa aziphunzira kwa inu."

Masiku oyamba alamu anagwira ntchito ngati mngelo. Ndowa inauma, kangaude n'kuyamba kuiyendera. Koma dzanja linayamba kuyabwa, komanso kunali ukwati wa mwana wa abusa, ndipo mkulu wa mpingo sapita ku ukwati chimanjamanja.

Tsono ife tonse m'fakitale muja tinakula tikudziwa chinthu chimodzi: ntchito imaona ndi maso a bwana. Bwana akatembenuka, dziko ndi lako. Pamwamba pa tebulo a Injiniya anaimikapo kamera pa kachitsulo, ndipo a Thovu anati diso la bwana watsopanoyu ndi limeneli basi. A Injiniya akangotuluka kukayankha foni, iwo ankavula chipewa n'kuchikoloweka pa kamerayo, n'kutitsinzinira ife. Kenako kuima pang'ono, kumanzere, kumanja, kuseri kwa ntchafu, m'ndowa, kupukuta pa buluku. Osakumbuka n'komwe kuti magolovesi aja akadali m'manja, ndipo lililonse linali ndi kadiso kake kakang'ono ngati njere ya papaya.

Sizinatenge nthawi. A Injiniya anabwera laputopu ili chotsegula.

"Bambo, ndikuona apa kuti nthawi zina mumaima, kenako mtanda wina mumautsitsira pansi. Chimachitika n'chiyani?"

Ine ndinati lero thovu laphwa. Koma alamu anga sindinkawadziwa. Anatsokomola ngati akufuna kuyamba pemphero.

"Mwaona bwino, mayi. Umenewo umakhala wolakwika."

"Koma pachithunzi ukuoneka wabwino kuposa inzake."

"Kunja, mayi, kunja! Mkati mumakhala mphako. Diso silingaone, sukulu singaphunzitse. Limamva ndi dzanja lokha. Ine ndimangoukhudza chonchi, mtima n'kundiuza kuti uwu ukachititsa manyazi kampani."

"Ndingauone umodzi?"

"Apita nayo kale kokasungunula, mayi. Sitisunga zoipa ife."

Mayi uja maso anawala kuseri kwa magalasi. "Bambo, izi ndiye zofunika kwambiri! Muzichita kawirikawiri, kuti makinawa agwire bwinobwino."

Abale, mwamvapo munthu akupemphedwa kuti azibe kawirikawiri? Chipewa chinabwerera kumutu. A Thovu anayamba kutsitsa sopo poyera, a Injiniya akuyang'ana n'kumagwedeza mutu. Ndowa inkadzaza dzuwa lisanafike paliwombo. Mwana wa abusa analandira sopo woti adzasambire ndi zidzukulu zake. Kunyumba a Thovu anayamba kuchitchula Chimkono kuti "mwana wanga uja", ndipo pakhonde ankauza aliyense wodutsa kuti m'mutu mwa makina amenewo muli nzeru zawo. Pamenepo pokha sananame.

Tsiku lotsegulira makina anakolopa fakitale mpaka m'makona momwe simunafikepo madzi chimangireni. Kunabwera alendo a masuti, akazi a a Mawa atavala nsapato zogogoda, ndi wojambula zithunzi. Ife ochotsedwafe anatiimika kumbuyo kuti tiziwomba m'manja pa maliro athu omwe. Chijasi choyera chinali pa hang'ala pafupi ndi makina, chikudikira mwini wake. A Thovu anaima pambali pake m'malaya oyera aja, achemwali ali pakhomo ndi amayi awiri a pampopi omwe anawatenga kuti akhale mboni.

A Mawa analankhula za tsogolo, anadula riboni, a Injiniya n'kudina batani.

Zoona zinenedwe, chinthu chija chimagwira ntchito. Kutola, kuika, kutola, kuika, osapuma, osakanda pamsana. Katoni inadzaza ife tisanameze malovu. Alendo anawomba m'manja. Ine mtima unandiwawa, chifukwa ndinaona kuti sitibwereranso.

Kenako Chimkono chinaima.

Chinali chitagwira mtanda umodzi m'mwamba. Kadiso kaja kanatembenukira kumanzere. Kanatembenukira kumanja. Ndiye chimkono chonse chinapindika, n'kuzungulira kuseri kwa mwendo wake wachitsulo, n'kutsika pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati munthu woika chopereka m'mbale, mpaka m'ndowa. Chitatero chinapukuta zala zake za labala pa mwendo uja, n'kubwerera pantchito ngati palibe chachitika.

Sindikudziwa anayamba kuseka ndani. Ndinangomva kumbuyo kwanga wina akulira ngati mluzu, kenako mzere wonse unagwa. Amayi ena anakhala pansi, miyendo itakana. Bambo wina wa mzere wathu anakuwa kuti, "Make mbuu, mwana mbuu!" Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo titangoti tipume, Chimkono chinaimanso: kumanzere, kumanja.

A Injiniya anamwetulira, poganiza kuti tikusangalala. "Mwaona, bwana? Makinawa akuchotsa okha sopo wolakwika. Luso limeneli aphunzira kwa bambowa."

Akazi a a Mawa anagogoda nsapato zawo mpaka pa ndowa, n'kuwerama, n'kutola mtanda. Anautembenuza uku ndi uku.

"Uyu walakwa chiyani? Ine sopo wokongola chonchi sindinamuonepo kunyumba kwathu."

"Mphako, mayi," anatero a Thovu, mawu atachepa. "Mkati."

A Mawa anaitanitsa mpeni, n'kudula mtandawo pakati. Mkati munali mwa bwinobwino, mosalala ngati batala. Anadula wina. Anadulanso wina. Uku Chimkono sichinaleke, chikungowatsitsira yatsopano, iliyonse yoposa inzake.

"Bambo inu," anatero a Mawa, "mphako ili kuti?"

"Bwana, nthawi zina imathawira kumapeto."

"Imathawa?"

"Ikamva mpeni, bwana."

A Mawa anayang'ana ndowa, n'kuona kathawulo koyalidwa bwino kaja. Anayang'ana mzere wa ndowa zathu zonse pansi pa matebulo. Anayang'ana kugeti, koma mlonda anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti kuseri kwa mpanda kukufunika kuyendera. A Injiniya anavula magalasi, nkhope itagwa, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo, ndiye nthawi yonseyi ndimaphunzitsa makina anga kuba?"

"Kusankha, mayi," anatero a Thovu.

Nditacheuka pakhomo, achemwali kunalibe. Amayi a pampopi aja ndiwo anatsala, maso ali tong'o, akusunga chilichonse kuti akafotokoze bwino.

Tonse tinati basi, alamu apita nafe kunyumba, mwinanso adutsira kupolisi. Koma alendo atachoka nkhani inavuta. A Injiniya anafotokoza kuti khalidwe limeneli linalowerera m'zonse zomwe makina anaphunzira, ngati mchere m'ndiwo, moti sangalitole n'kulitaya palokha. Pafunika kufufuta zonse, munthu wina avale magolovesi, ayambirenso. A Mawa anatembenukira kwa ife, mawu atafewa ngati amene akufunsira.

"Anzanga, ndani angatithandize?"

Tinayang'anana. Chijasi chinali pomwepo pa hang'ala, ndipo sindinama, chinali chokongola. Koma aliyense anayang'ana chikhadabo chake cha chala chachikulu. Mayi wina wachikulire wa mzere wathu ndiye anayankha.

"Bwana, manja athu nawonso ali ndi matenda. A bambowa amasankha. Athuwa amabenthula. Mufuna makina obenthula?"

A Injiniya anati kwawo kuli anthu oti angabwere kudzakonza, bola a Mawa asayine kuti abwere. Yankho la a Mawa mukulidziwa. Mayi uja anapinda laputopu yake, natsanzika aliyense mwaulemu kupatula munthu mmodzi, n'kumapita.

Ndiye chijasi anavala ndani? A Thovu, abale. Ntchito anaipeza. A Mawa anati palibe wina amene amadziwa nthawi yomwe chitsulocho chikufuna kuba kuposa mphunzitsi wake. Anachotsa ndowa, n'kuika kampando kakafupi pansi pa tebulo, kuseri kwa mwendo wa Chimkono. Pamenepo ndi pa ofesi ya woyang'anira makina. Ntchito yake ndi kukhala pamenepo chowerama, manja ali chotambasula, kulandira mtanda uliwonse womwe mwana wawo watsitsa, n'kuubwezera pa lamba. M'katoni saloledwa kuikamo dzanja, chifukwa a Mawa analumbira kuti dzanja limenelo lisadzayandikirenso katoni. Ndipo Chimkono chikamapukuta zala zake, masiku ano chimapukutira paphewa la chijasi, poti ndi lomwe lili pafupi. Achemwali amachichapa Loweruka lililonse, koma phewa lakumanja linada kale.

Tsiku loyamba anatulukira vuto lina. Mtanda wabwino ukaubwezera pa lamba, umakhalabe wabwino. Chimkono chinkauona ukubwera, n'kuuzindikira, kumanzere, kumanja, n'kuutsitsiranso m'manja mwa a Thovu. Iwo kubweza, icho kutsitsa. Anapatsirana mtanda umodzi m'mawa wonse ngati ana osewera mpira, wina watsopano akuwonjezekera, mpaka alamu anadzaza nayo pamiyendo. Kuti chitsulocho chiulandire n'kuuika m'katoni, panafunika mtandawo uleke kukhala wabwino. Ndipo njira yake ndi imodzi yokha, ija tinkaidziwa tonse, ija iwo ankainyoza. Mkulu wa mpingo anasunga chikhadabo.

Kutchalitchi amawalemekezabe. Akaimirira kulengeza, amayamba ndi mawu oti, "Ife amene timagwira ntchito ndi maroboti," ndipo chijasi anapita nacho kamodzi, ati anaiwala kuvula. Kungoti mlonda wa pageti ndi watsopano, wa mphuno yosamva kanthu, ndipo amawasecha mpaka m'masokosi. Mphatso za ukwati masiku ano amapereka makapu.

Ine nditachotsedwa ndinayamba kuchapira anthu zovala, ndiye sopo ndimagula kusitolo ngati munthu wamba. Ndimatsegula pepala ndisanachoke pakauntala. Nthawi zambiri amakhala sopo basi. Koma nthawi zina umapeza mtanda wokongola, chidindo chooneka bwino, makona atatu ali chilili, kona yachinayi itabenthuka bwinobwino, kukula kwake ngati chikhadabo cha munthu wamkulu.

Tsiku lina achemwali anandipeza nawo pampopi. Anali atabwera ndi chijasi m'beseni, sopo alibe, akuyang'ana uku ndi uku kuti apemphe ndani. Ndinawapatsa wangawo.

"Tengani, achemwali. Alamu akupereka moni."